Mbedza za Nthenga za a Daka

A Langford Daka a ku Kanakantapa si munthu amene mungamuzindikire msanga pamsika. Ndi aafupi, a imvi za m'mbali, ndipo amayenda ngati safuna kudzutsa fumbi. Anabadwira kufupi ndi Petauke, naphunzira pa sukulu ya mishoni mpaka pamene atate awo anaona kuti kuwerenga kwakwana, tsopano ng'ombe zikufuna munthu.

Ali mnyamata anabwera kuno kudzafuna ntchito, naipeza pa famu ya mzungu wina kufupi ndi mtsinje wa Chongwe. Ntchito yawo inali kuyang'anira pampu ya pa damu. Pampu sifuna zambiri. Ikamalira bwino, munthu amangokhala. Motero madzulo ambiri ankakhala pa mgolo n'kumaonerera bwana wawo akuwedza. Mzunguyo sankakumba nyongolotsi. Ankatsegula kabokosi, n'kusankhamo kambedza kovekedwa nthenga ndi ulusi, kooneka ngati kachilombo kouluka, kenako n'kumaponya chingwe kutsogolo ndi kumbuyo ngati akukwapula ng'ombe zosaoneka. Kanthengako kakatera pamadzi, nsomba inkabwera yokha. A Daka sanafunsepo kanthu. Masiku amenewo woyang'anira pampu ankayang'anira pampu.

Famu itagulitsidwa analandira munda ku Kanakantapa. Anakwatira a Nelesi, nabereka ana, woyamba dzina lake Towela. Analima chimanga, tomato ndi repu, zaka zina bwino, zaka zina ayi. Mpingo unawasankha kukhala mkulu, ndipo pa Lamulungu la Mgonero ndiwo ankayendetsa chikho kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Za ntchito imeneyi sankalankhulapo. Koma sabata ya Mgonero ikafika, jekete yawo yakuda inkakhala itapachikidwa pa msomali kuyambira Lachinayi, yopukutidwa kale.

Chaka chatha, atagulitsa tomato pa msika wa Chongwe, ankadikira kuti minibasi idzaze. Pafupi ndi pokwererapo pali kasitolo ka Mervin, mwamuna wolankhulalankhula amene amagulitsa matochi, machaja a foni, maloko ndi zina zonse zimene zimabwera m'makatoni kuchokera ku China. Pakati pa maloko ndi zowengera zikhadabo panalendewera kapepala kokutidwa ndi pulasitiki, kofumbira, ndipo pa kapepalapo panali timbedza ta nthenga, tofiira, takuda ndi tachikasu, m'mizere.

A Daka anaima. Anayang'ana maloko kaye nthawi ndithu.

"Izi zinachokela kuti?" anafunsa pomaliza.

"Ba tate, nikuuzeni zoona, siniziba na nchito yake," anatero Mervin. "Zinabwela chabe mu katoni ya matochi. Bazimai benangu banayesa kuvala ku matu, zinabalasa."

"Ni mbedza."

"Mbedza yovala so? Iyenda ku ukwati?"

A Daka anafunsa mtengo. Mervin anati atenge zonse, zamutopetsa, ndipo mtengo umene anatchula unali wa botolo limodzi la chakumwa. A Daka anagula. M'minibasi anakhala dzanja lili pachifuwa njira yonse.

Kunyumba sanauze munthu. Bambo amene wakhala moyo wake wonse akuletsa ana kugula chinthu chosadyedwa, chosavalidwa kapena chosabzalidwa sangafike pakhomo ndi nthenga. Anazichotsa pa kapepala, naziika m'kachitini kakale ka polishi, nakabisa m'thumba lam'kati la jekete yakuda. Ankati adzaziyesa akadzamaliza kukolola. Atamaliza kukolola anati akadzamaliza kutongola. Nthawi zina ankapita nako kudimba, ndipo ali okha ankatsegula kachitiniko, n'kuyang'ana, n'kutsekanso. Chivindikiro chake sichinkagwira bwino.

Pa Mgonero wina, mapemphero atatha, a Daka anapinda nsalu yoyera ya pa tebulo monga mwa nthawi zonse. Sanaone kuti kambedza kamodzi kanali katatuluka m'kachitini n'kukola mpango wawo, ndipo kuchoka pa mpango kanakola nsaluyo. Nsalu anaitenga Mayi Mavis Lungu, wapampando wa amayi a chigwirizano, kuti akaichape. Ataiviika m'beseni, china chake chinawabaya chala. Atachizula anaona nthenga yakuda, yokulungidwa ndi ulusi wofiira, ili ndi timikanda tiwiri ngati maso. Chinali m'nsalu ya pa gome la Ambuye. Pofika pakati pa sabata chala chinali chitatupa ngati mbatata, ndipo Kanakantapa yense ankadziwa amene amapinda nsaluyo.

Lamulo la mpingowo ndi lodziwika. Munthu wopezeka ndi zithumwa amachotsedwa pa ukulu, amakhala pa benchi yakumbuyo kwenikweni, ndipo chikho chimamudutsa. A Daka ankaidziwa bwino benchiyo, chifukwa ndiwo ankaidutsa.

Akulu a mpingo anakumana abusa atabwera. Abusawo ndi achinyamata, ali ndi mipingo ingapo yoyang'anira, ndipo amafika kuno pa njinga yamoto kamodzi pamwezi. Wofunsa mafunso anali a Matthias Mwachilenga, mkulu mnzawo wa a Daka, amene makolo ake anali kuno minda isanadulidwe, ndipo wakhala akuwedza ndi nyongolotsi kuyambira ubwana. Mayi Lungu anakhala pambali, chala chomangidwa nsalu atachiimika m'mwamba kuti aliyense asavutike kuchifuna.

A Daka sanadikire kufunsidwa kawiri. Anatulutsa kachitini, nakatsegula pa tebulo. Mabenchi anasunthira m'mbuyo pang'ono.

"Ni mbedza zogwilila nsomba," anatero. "Ninagula ku Chongwe."

"Nyambo muika pati?" anafunsa a Matthias.

"Sizifuna nyambo. Nsomba iganiza kuti ni kachilombo."

"Nsomba iganiza," anatero a Matthias, akuyang'ana anzawo mmodzimmodzi.

Abusa anatulutsa foni. Anatuluka panja kukafuna netiweki, nabwerera ndi chithunzi cha mzungu wovala chipewa chobayidwa timbedza ta nthenga totero, nsomba ili m'manja. Foni inayenda dzanja ndi dzanja mpaka kwa Mayi Lungu. Iwo anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye kuti na bazungu bali nazo," anatero.

Nkhani inathera pakuti Loweruka m'mawa onse apite ku damu la ng'ombe, a Daka akaonetse mmene nthenga imagwirira nsomba.

Madzulo a tsikulo a Nelesi ankasankha nyemba pa lichero. Anali atamva zonse kale kuchitsime, monga amamvera mkazi wa munthu, pomalizira.

"Atate ake Towela, mukananiuza chabe kuti mufuna nsomba, nikanagula kapenta."

A Daka anapitiriza kusenda nsungwi imene anadula kuti ikhale ndodo yowedzera.

"Nifunseko," anatero a Nelesi. "Nsomba ikadya nthenga yanu, bazakamba chani?"

"Kuti ninakamba zoona."

"Bazakamba kuti mankhwala yanu ni yamphamvu. Nsomba ya nzelu zake ingasiye nyongolosi, idye nthenga?"

Mpeni unaima pa nsungwi. "Nanga ikakana?"

"Bazakamba kuti ndimwe opusa." A Nelesi anauzira mankhusu pa lichero. "Opusa sibamuletsa Mgonelo."

A Daka anaiganizira nkhaniyi mbali zonse, napeza kuti akazi awo sanalakwitse. Pa pemphero la madzulo anapempherera mvula, odwala ndi boma. Za nsomba sanadziwe kuti apemphe chiyani, motero anazisiya.

Loweruka ku damu kunabwera anthu ambiri kuposa amene amabwera ku mapemphero a pakati pa sabata. Amayi otunga madzi a kudimba anatula zidebe. A Daka anapinda thalauza, naima m'matope, namangirira kambedza kofiira ku chingwe. Anayesa kuponya monga ankaonera kale, kutsogolo ndi kumbuyo. Chingwe chawo chinali cha nayiloni wamba, chopepuka, ndipo kambedza kanagwa pafupi ndi mapazi awo. Atayesanso kanafika pamadzi. Pomwepo utoto unayamba kusungunuka, madzi anafiira pang'ono, nthenga inamasuka n'kuyandama kupita kwina. Chimene anakoka chinali kawaya.

Kachikasu kanapita ndi mphepo, kakakola chipewa cha mlembi wa mpingo. Kakuda kanatsala m'mabango. Kena kanaduka pomangirira kasanaone n'komwe madzi. Anthu amene poyamba anaima patali, atagwira ana awo, anayamba kuyandikira. Wina anafunsa ngati sitoloyo imalandira katundu wobwezedwa. Kuseka kunayambira kwa amayi, kenako kunafika kwa akulu a mpingo. A Daka anakumva, nadziwa kuti kuseka kumeneko ndiko kukuwapulumutsa.

"Yakwana, a Daka?" anafunsa a Matthias, amene anali ataima pafupi nawo. "Taona."

Apa munthu wanzeru akanatseka kachitini n'kutuluka m'madzi. A Daka anayang'ana m'kachitinimo. Pansi panali kambedza kofiirira ngati dothi, kosakongola, kofanana kwambiri ndi kamene mzungu uja ankasankha dzuwa likapendeka.

"Imozi chabe," anatero.

A Matthias anawayang'ana.

Nthawi yomweyo nsapato ya abusa inamira m'matope, ndipo anthu onse anatembenukira komweko, ena kukathandiza, ena kukalangiza. A Daka anakweza nsungwi. Mphepo inanyamula chingwe mwaulemu, n'kukatula kanthengako m'mphepete mwa mabango. Kanakhala pamadzi osamira. Ndiye madzi anatukuka pansi pake, kanthenga kanasowa, nsungwi inapindika. Kunjenjemera kunakwera ndi chingwe, kunalowa m'manja, kunafika m'mapewa. Chinali chamoyo, cholemera, ndipo chinkakokera kuya. A Daka anaiwala benchi yakumbuyo, anaiwala ndi Mayi Lungu omwe. Anangogwira.

Kenako chingwe chinalefuka. Atakoka anapeza mbedza itawongoka ngati singano. Chitsulo chake chinali chotchipa, cha mtengo wa botolo limodzi la chakumwa uja.

Anthu ena anali atatembenuka mochedwa, naona nsungwi ikuwongoka.

"Chani icho?" anafunsa Mayi Lungu.

"Chitsa," anatero a Matthias mokweza. "Apo pali chitsa. Chinanidyela mbedza zambili."

A Daka ankadziwa kuti chitsa sichinjenjemera. Ankadziwanso kuti a Matthias akudziwa. A Daka sanazolowere kusiya bodza likudutsa pamaso pawo, motero anatsegula pakamwa.

"Sininakufunseni, a Daka," anatero a Matthias chapansipansi, akuwalanda nsungwi. "Chokani m'madzi, muzadwala."

Akulu anagamula ali pansi pa mtengo pomwepo, abusa ataimira mwendo umodzi. Anati mankhwala olephera kugwira ngakhale katemba si mankhwala, ndi zinyalala za m'katoni. A Daka anadzudzulidwa chifukwa cholowa ndi zoseweretsa m'nyumba ya Mulungu, munthu wamkulu ngati iwo. Mbedza zotsala zikaponyedwe m'chimbudzi, mboni ziwiri zikuona. Ndipo Lolemba awanyamule Mayi Lungu pa njinga kupita nawo ku kiliniki. Zonsezi anachita. Ku kiliniki anaboola chalacho, anabaya jekeseni, nati m'balamo munalowa dothi. Mayi Lungu anadandaula za mabampu njira yonse, popita ndi pobwera.

Kuyambira pamenepo anthu sawafunsanso a Daka nzeru za mbewu monga kale. Akamadutsa ndi njinga, achinyamata a pa gulosale amawafunsa ngati nkhuku zawo zikadali ndi nthenga. Iwo amapereka moni, n'kupitirira. Ali pakhomo amalima tomato wawo, ndipo ku damu amapitako kukatunga madzi basi.

Mgonero wotsatira unafika. A Daka anavala jekete yakuda, nalandira chikho kwa abusa, nayamba kuchiyendetsa benchi ndi benchi. Atafika pa a Matthias, mkuluyo analandira ndi manja awiri, namwa, natseka maso monga amachitira aliyense. Pobweza chikho anawerama pang'ono ngati akukonza nsapato.

"Inali ikulu," ananong'ona.

A Daka anapukuta mlomo wa chikho ndi kansalu, napereka kwa wotsatira.