Makaniko Womvera Injini ndi Mano

Mu mzinda wonse wa El Alto, mukafunsa makaniko wodziwa kulira kwa injini, anthu ankakulozerani kwa Don Nemesio Limachi, kuseri kwa ogulitsa matayala. Mkuluyu sankachita manyazi kudzitama, ndipo kunena zoona ankayenera. Injini ankaimvera ndi mano. Ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kuigunditsa pa injini, chogwirira n'kuchiluma, maso n'kutsinzina. Pakapita kanthawi ankalavula malovu n'kutchula matenda.

Anthu ankati ndi luso lake basi. Chimene iye ankabisa n'chakuti makutu ake anali atayamba kugontha kalekale, ndipo ankaopa kwambiri kuti zikamveka, malole onse athawira kwa ena. Ndani angapereke injini yogogoda kwa munthu wosamva?

Tsiku lina kunabwera Doña Primitiva Ticona, mayi wamasiye wonyamula mbatata pa lole yake yakale kuchokera ku Achacachi. Mayiyu ndiye anaimira mwana wa Nemesio pa ubatizo, choncho awiriwa ankaitanana kompadre ndi komadre.

"Kompadre!" anakuwa Primitiva asanatsike n'komwe. "Nkhalamba yangayi ikugogoda ngati mlamu wofuna malo ogona!"

Nemesio analuma chitsulo chake, n'kulavula. "Kamushafuti yadyeka, komadre. Mavavu sakutsegukanso bwino. Tisintha pamodzi ndi matapeti omwe. Mkwatibwi watsopano sitimupatsa nkhalamba."

Anachotsa rediyeta, nasolola kamushafuti ija chakutsogolo. Mfundo zake ziwiri zinali zitaperepeseka ngati chidendene cha nsapato. Yatsopano anaipaka mafuta bwinobwino, naimanga, n'kuliza injini mwamphamvu kwa kanthawi kuti zitsulo zizolowerane.

Lachisanu masana Primitiva anafika ndi mowa woti athire pa matayala kupatsa Pachamama, mayi wa nthaka, pakuti lole yochoka m'manja mwa makaniko siikwera msewu isanamwe. Madalaivala a pafupi, amene fungo la mowa siliwadutsa, anasonkhana. Injini inkalira pang'onopang'ono. Primitiva anakweza botolo, kenako anaima, mutu utapendekera mbali.

"Ikugogodabe."

Nemesio sankamva kanthu. Koma nkhope anaiumitsa gwa. Analuma chitsulo kutsogolo kwa injini, pakati, kumbuyo. Monsemo munali myaa.

"Mkati muno mulibe vuto, komadre. Ndikulumbira pa mano anga otsalawa."

"Ndiye wamisala ndine? Anthuni, simukumva?"

Madalaivala onse anagwedeza mitu kuvomera kuti akumva. Nemesio anali wotsimikiza za ntchito yake, koma phokoso limene aliyense ankalimva silinali m'zitsulo zimene mano ake ankafika. Panalibenso pothawira. Anafunsa funso limene makaniko wa makutu abwino safunsa.

"Ikugogodera mbali iti?"

Primitiva anamugwira dzanja n'kulilowetsa pambali pa rediyeta. Zala za Nemesio zinakhudza kanthu kakang'ono kakunjenjemera. Kanali kalole ka chitini, kofanana ndi choseweretsa ana. Malemu Casimiro, mwamuna wa Primitiva, anakagula pa chikondwerero cha Alasitas, kumene munthu amagula kachifanizo ka chinthu chimene akuchilakalaka, ndipo lole yeniyeni itapezeka anakamangirira pamenepo ndi waya. Pochotsa rediyeta, Nemesio anali atamasula wayayo pang'ono osadziwa.

Anthu anaseka, koma iye sanaseke. Manyazi anamugwira. Anapukuta manja kwa nthawi yaitali.

"Komadre, ine sindinakamve. Makutu angawa anatha."

"Iii, kompadre, mukutiuza lero?" anatero Primitiva. "Mumayesa zaka zonsezi timakukuwirani chifukwa chiyani? Kukonda kupweteketsa kukhosi?"

Nemesio anayang'ana madalaivala aja mmodzimmodzi. Palibe amene anadabwa. Iye nthawi yonseyi ankangodandaula kwa mkazi wake kuti anthu a mu El Alto ayamba mwano, salankhulanso ngati anthu.

"Ife timabwera kuno kudzafuna mano anu," anapitiriza Primitiva. "Makutu tili nawo athu."

Nemesio anamanga waya uja mwamphamvu, nalandira botolo n'kuthira mowa pa tayala lakutsogolo. Kenako analoza dalaivala wina ndi sikuludiraiva yodzala zipsera za mano.

"Iwe Eleuterio, lole yako ija ndaiona ikutsimphina sabata yonse. Kaitenge. Ndipo ukabwera ukuwe bwino, usamanong'one ngati uli m'tchalitchi."