Galasi la a Shehata

A Shehata anameta anthu ku Port Said zaka makumi atatu, m'kachipinda koyang'anana ndi doko. Sukulu analekezera panjira. Chingerezi anachiyamba imvi zili mbuu, chifukwa cha mdzukulu wawo Nermin, wobadwira ku Mangalande, amene sankadziwa Chiarabu. Lachisanu lililonse mwana wawo Essam ankaimba foni n'kumupatsa mtsikanayo. Mwana ankangopumira pafoni, agogo akenso chimodzimodzi. Zimenezi zinkawadya mumtima.

Mphunzitsi analibe. Anali ndi galasi lometera, sopo ndi kawailesi ka makaseti. Wapasitima aliyense wobwera kudzametetsa ankayamba wawerenga mokweza tsamba la nyuzipepala ya Chingerezi, iwo akujambula mawu. M'mawa ankalemba mawu asanu pagalasi ndi sopo, n'kumawatchula akuyang'anitsitsa milomo ndi lilime lawo. Mawu okana kutuluka bwino sankawafufuta, ngakhale sabata ithe.

"Mwayambanso kukangana ndi galasi, akulu?" ankatero a Mitwalli, ogulitsa tiyi khomo loyandikana.

"Galasi limamvetsera, osati iwe."

"Mano atsala anayi. Chizungucho chigwira pati?"

"Pomwe pamadutsa tiyi wako wozizirayo."

Patatha miyezi isanu ndi umodzi, anaona kuti akonzeka. Kuno munthu sapereka moni wouma, choncho anakonza moni wathunthu monga amalonjerera mlendo wolemekezeka: m'mawa wa maluwa, kuwala kwa maso anga, nyumba yawala chifukwa cha iwe. Anasankha mawu akuluakulu a m'dikishonale, n'kuwabwereza mpaka a Mitwalli omwe anawaloweza. Lachisanu anawanena onse osaphonya. Kenako mwana uja anati, "Adadi, sindikumva zimene akunena."

Mawu amenewo a Shehata anawamva bwinobwino, popanda wowamasulira.

Masiku awiri galasi linakhala lopanda cholembedwa. Tsiku lachitatu kunabwera Rodel, wophika m'sitima ya ku Philippines, ndipo a Shehata anamufotokozera zonse lumo lili m'manja.

"Ali ndi zaka zingati?" anafunsa Rodel.

"Zisanu ndi chimodzi."

"Ndiye mukumulankhula ngati nduna ya boma? Bambo, muuzeni za mphaka wagona pampandoyo."

Munthu wamkulu kulangizidwa ndi mlendo wa msinkhu wa mwana wake si chinthu chapafupi. A Shehata sanatsutse. Rodel anali ndi kabuku ka zithunzi kamene anagulira mwana wake. Anakawerenga konse pang'onopang'ono, kaseti ikuzungulira, ndipo a Shehata anakakopera m'kope sitima isananyamuke. Dikishonale anaiika pamwamba pa kabati. Pagalasi panayamba kuoneka timawu tating'ono: mphaka, nsomba, kuba, kugona.

Anadikira masabata atatu asanayesenso. Foni italira, anaimirira ngati pabwera mlendo.

"Nermin, ndili ndi mphaka. Ndi wakuba. Dzulo waba nsomba."

Nthawi ino Nermin anafunsa:

"Dzina lake ndani?"

Mphakayo analibe dzina. Zaka zonsezo ankangomuthamangitsa ndi thaulo.

"Alibe. Umupatse ndiwe."

Mwana anamasuka. Anatchula maina, anafunsa mtundu wa ubweya, anafunsa ngati amaluma. Zina zinkawapitirira, koma sananamizire kuti amva. Ankati, "Bwereza pang'onopang'ono," iye n'kubwereza. Essam atafuna foni, mwanayo anakana nayo.

A Mitwalli anasuzumira pakhomo ndi kapu ya tiyi.

"Akuti chiyani?"

"Ika pamenepo uzipita. Sukuona ndikucheza ndi mdzukulu wanga?"