Chilolezo cha Zipinda Zinayi

Azakhali anga anagwira ntchito ya unamwino mpaka kupuma. Atapuma, m'malo moweta nkhuku ngati anzawo, anayamba kutola nkhalamba.

Zinayamba chaka chimene madzi anagumuka ku Michesi n'kutsika ndi miyala ndi mitengo, amene akuluakulu amati Napolo. Anthu amene nyumba zawo zinagwa anakhala m'makalasi a pasukulu pamene ndinkaphunzitsa. Madzi ataphwa, aliyense anatengedwa ndi abale ake, koma anatsala anayi: amayi atatu okalamba ndi bambo mmodzi. Awiri mwa amayiwo, adzukulu awo anali atatulukira mwadzidzidzi kuti agogo awo ndi afiti. Nzeru imeneyi kwathu imakonda kufika pamene munda wa agogo wayamba kuoneka bwino. Wachitatu analibe mwana wamoyo. Bambowo anali mkamwini wochokera tsidya la Mozambique. Mkazi wawo atamwalira, abale a mkaziyo anawakumbutsa mwaulemu wonse kuti njira yakwawo akuidziwa, chikhalirecho munthuyo anachokako ndevu zisanamere.

Azakhali anawatenga onse anayi. Amayi atatu aja ankagona m'khitchini, bambowo m'kachipinda kosungiramo makaka ndi nandolo. Amayi a kutchalitchi anaumba njerwa n'kuziwotcha, ndipo azakhali anayeza ndi mapazi malo kuseri kwa nyumba yawo kuti amangepo zipinda zinayi, khonde ndi chimbudzi. Mmisiri anali atapezeka kale. Pakanapanda munthu wophunzira m'banjamo, nyumbayo ikanatha mvula isanagwe.

Munthu wophunzirayo ndinali ine.

"Azakhali, masiku ano samangomanga," ndinawauza. "Pano ndi pafupi ndi msika, boma linati ndi tauni. Mukamanga popanda chilolezo cha khonsolo adzakugwetserani."

"Tauni yake iti? Chifukwa cha zigayo ziwirizi?"

"Lamulo ndi lamulo, azakhali."

Anayankha kuti, "Chabwino, aphunzitsi. Poti Chingerezi n'chanu, kalembeni."

Lolemba lotsatira tinakwera kabaza mpaka kuboma. Kalaliki amene tinamupeza anali munthu wabwino, wa tayi yofiira ndi mawu otsika. Anatulutsa fomu n'kuyamba kutiwerengera mitundu ya nyumba imene munthu angapemphe kumanga: nyumba yogona banja, nyumba za lendi, sitolo, chigayo, malo ogona alendo, sukulu ya mkaka, tchalitchi, malo omwera mowa.

"Yanu ili pati pamenepa, mayi?"

"Ndi nyumba yosungiramo okalamba," anatero azakhali.

Kalaliki anatembenuza fomuyo kuti aone ngati okalamba abisala kuseri. Kunalibe.

"Kodi si malo ogona alendo?"

"Alendo amabwerera kwawo. Awa alibe kwawo."

"Nanga chipatala?"

"Sakudwala, angokalamba basi."

Anatiuza kuti tilembe pamzere wa pansi penipeni, umene unasiyidwira zinthu zosadziwika. Ine ndinalembapo ndi dzanja langa labwino la pabolodi, ndipo ndinasangalala nazo zilembozo. Kenako anatitumiza ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kuti akadindepo. Kumeneko bwana wake anali atapita kumaphunziro kunyanja. Titabweranso sabata yotsatira, bwanayo analipo koma chidindo chinali m'kabati, ndipo makiyi a kabati anapita kumaphunziro ndi wachiwiri wake. Ulendo wachitatu bwana ndi chidindo anakumana. Anatidindira, koma choyamba anatiphunzitsa kwa ola lathunthu kuti malo abwino a munthu wokalamba ndi pakati pa abale ake. Azakhali anavomera kuti n'zoona, n'kufunsa ngati bwanayo angawapezere abalewo. Iye anati zimenezo si za ofesi yake.

Panafunikanso pulani yojambulidwa ndi katswiri. Katswiriyo anajambula nyumba yokongola, ndi maluwa kutsogolo, ndi kamunthu koyenda ndi ambulera. Azakhali anaipachika pakhoma pafupi ndi kalendala, ndipo nkhalamba zija zinkapita kukaloza chipinda chimene aliyense adzagonemo.

Patapita miyezi iwiri kunabwera galimoto ndi anthu atatu odzayendera malo. Azakhali anapha nkhuku ndi kuphika mpunga wa ku Chilwa. Bambo aja a m'kachipinda ka makaka anavala jekete lawo lokhalo, limene anapulumuka nalo pamadzi, ndipo anapempha kuti agwireko nsonga ya tepi yoyezera. Anaigwira ndi manja awiri, ataima njo ngati msilikali.

Oyenderawo anayeza kuchokera pachimbudzi kufika pachitsime, kuchokera pachitsime kufika pamsewu, n'kuyezanso mtengo wa mango umene sunalakwe chilichonse. Wamkulu wawo anayang'ana pulani ija n'kugwedeza mutu.

"Mayi, nanga alendo odzaona okalambawa aziimika pati magalimoto?"

"Bwana, chibwerereni anthuwa pano palibe wadzawaona ngakhale wapansi."

"Komabe malo oimika magalimoto ayenera kuoneka. Nanga moto utabuka, athawira khomo liti?"

"Lero utabuka m'khitchini mmene akugonamo atatu, athawira liti?"

Bwanayo anati khitchini sinali pa pempho lathu, choncho sangaiyankhire. Atadya mpunga mtima unafewa pang'ono, ndipo anatembenukira kwa bambo aja.

"Agogo, inuyo mukufuna chiyani kwenikweni?"

Bambowo anayankha m'Chichewa chawo chopendekera ku Chilomwe: "Chitseko, bwana. Chotseka ine mwini. Kuja ndimagonaku makoswe amandiyenda pamaso."

Onse atatu anaseka, n'kunena kuti agogowa ngoseketsa. Pafomu panalibe mzere wa makoswe.

Tsiku la msonkhano wa komiti yoona za mapulani, ine ndi azakhali tinakhala pabenchi ya kumbuyo. Nkhani yoyamba inali ya wamalonda wina amene ankafuna kumanga nyumba za lendi khumi m'dambo limene anthu amalimamo mpunga, mmene chaka chilichonse madzi amafika m'chiuno. Wapampando anawerenga pempholo, khansala wina anati ichi ndiye chitukuko, wina anawomba m'manja, ndipo nkhani inatha ndisanamalize kupukuta thukuta. Ndinalimba mtima. Ndinati ngati nyumba khumi za m'madzi zadutsa chonchi, zipinda zinayi za pamtunda zingouluka.

Wapampando anawerenga pempho lathu. Kenako anaimirira khansala wina wamimba yabwino, amene ndinaphunzira naye kupulayimale ndipo ndikukumbukira kuti masamu ankamuvuta.

"Wapampando, ife ndife Amalawi," anatero. "Kuno kulibe nkhalamba yopanda mbale. Zosonkhanitsa makolo m'khola ngati mbuzi ndi za azungu. Tikalola izi, mawa aliyense azidzataya amayi ake pamenepo. Kodi tikufuna kupha chikhalidwe chathu?"

Anthu anang'ung'udza movomereza. Wina anawonjeza chapansipansi, koma mokwanira kuti timve, kuti nkhalamba zina mwa zimenezo zili ndi mbiri, ndipo kuziika pamodzi n'kutsegula likulu la afiti. Anaseka. Khansala mmodzi yekha wamayi, amene ankachokera cha ku Nazombe, anaimirira n'kunena kuti anthuwo ali kale pakhomopo, funso ndi loti agone m'khitchini kapena m'chipinda. Wapampando anamuthokoza chifukwa cha mtima wake wa umayi, n'kupitiriza.

Azakhali anakweza dzanja. Anauzidwa kuti anthu a pabenchi amaloledwa kumva kokha.

Komiti inagamula kuti siikukana ndipo siikuvomera. Inati iyembekeza kaye ndondomeko yoyendetsera nyumba za okalamba, imene idzafunsidwe kulikulu. Nditafunsa panja kuti ndondomekoyo imatenga nthawi yaitali bwanji, anandiuza kuti zimatengera. Sindinauzidwe kuti zimatengera chiyani.

Pobwerera ine ndi azakhali tinatsika kabaza pakhomo. Pamenepo anangoti, "Chingerezi chanu chagwira ntchito, aphunzitsi."

Mvula inagwa. Njerwa zija zinamera ndere, zina zinayamba kusungunuka, ndipo tinaziphimba ndi udzu. Mwezi uliwonse ndinkapita kukafunsa za ndondomeko, ndipo mwezi uliwonse inali panjira. Mu Febuluwale bambo aja anayamba chifuwa. Kachipinda ka makaka kankadontha, ndiye azakhali anawasamutsira pabalaza, koma chibayo chinali chitalowa kale. Tinawatengera kuchipatala, anakhalako masiku anayi, n'kumwalira. Tinawaika titawaveka jekete lija.

Pamaliro anabwera abale a mkazi wawo, aja anawalozera njira. Analira mokweza kuposa ife tonse, anadya bwino, ndipo mmodzi anafunsa ngati malemuwo anasiya wailesi. Ine sindinalire pamanda. Ndinakalira kusukulu mawa lake, m'kalasi mopanda ana, chifukwa ndinadziwa kuti ndikanatseka pakamwa tsiku lija ndinayambitsa za chilolezo, munthuyu akanafera m'chipinda chake.

Patapita masabata angapo ndinakumana ndi kalaliki wa tayi yofiira uja pamsika, akugula matemba. Anandipepesa za malirowo, kenako anayang'ana uku ndi uku n'kutsitsa mawu.

"Aphunzitsi, vuto lanu n'loti munalemba zoona. Tengani fomu ina. Pulani ikhale yomweyo, koma mulembe kuti nyumba za lendi. Palibe amafunsa kuti m'nyumba ya lendi mugona ndani."

Nditawauza azakhali anakana. Anati akalamba osanamiza boma, sayamba lero. Masiku awiri sanaikhudze nkhaniyo. Tsiku lachitatu ndinawapeza pakhonde ndi amayi atatu aja akusenda nandolo.

"Aphunzitsi, kodi lendi n'chiyani?" anandifunsa.

"Ndi chimene munthu amapereka kwa mwini nyumba kuti akhalemo."

"Ndiye awa akundisendera nandolo. Kalembeni."

Chilolezo chinatuluka pasanathe masabata atatu. Sikunabwere woyendera, za magalimoto palibe anafunsa, ndipo moto unaleka kuopsa. Pamodzi ndi chilolezocho panali kalata yothokoza azakhali chifukwa chothandiza kuchepetsa vuto la kusowa kwa nyumba m'dera lathu.

Mmisiri anamanga mwezi umodzi ndi theka. Njerwa zina zinali zitawonongeka, ndiye amayi a kutchalitchi anaumbanso. Tsiku losamuka panalibe mwambo. Amayi awiri ananyamula mphasa zawo n'kukalowa. Wachitatu, uja wopanda ana, analowa, anayang'ana malata, anagogoda khoma, n'kutuluka. Anati chipindacho n'chachikulu kwambiri, munthu angafe osamveka, ndipo iye wazolowera kumva anzake akutsokomola. Anakakokera mphasa yake m'chipinda cha mnzake, ndipo mpaka lero amagona awiri.

Zipinda zopanda anthu sizinakhalitse. Loweruka lina masana ndili pomwepo, panaima njinga ya kabaza. Anatsika bambo wina wa zaka ngati zanga, wovala bwino, n'kutsitsa mayi wokalamba wosaona ndi kamtolo ka zovala.

"Tamva kuti boma latsegula malo a okalamba kuno," anatero bamboyo. "Awa ndi amayi anga. Ine ndi ntchito, akazi anga ndi ana, ndiye mukudziwa."

Azakhali anamukhazika pampando n'kumuuza zonse zimene anasunga mumtima chaka chathunthu, zina zoyenera iye, zambiri zoyenera komiti. Anamuuza kuti pano si paboma, ndi pakhomo pa munthu. Anamufunsa kuti anamuyamwitsa ndani. Bamboyo ankangoti, "Zoona, mayi, zoona," maso ali kunjinga. Pomaliza analonjeza kuti apita kukakonza malo kunyumba ndipo abwera Lachiwiri kudzawatenga.

Mayi wosaonayo nthawi yonseyi anali atakhala pansi, kamtolo kali pamiyendo. Njinga itapita anafunsa kuti, "Wapita?"

"Wapita," anatero azakhali. "Akuti abwera Lachiwiri."

"Sabwera ameneyo. Ndinabala ndine."

Azakhali anapuma mozama, anawagwira mkono n'kuwadzutsa. Anawayendetsa pang'onopang'ono mpaka pakhonde, akuwauza pamene pali sitepe, ndipo ine anandituma kuti ndikawathire madzi osamba.