Dzina la Apongozi M'mabulaketi

Pepala langa loyamba la kafukufuku linabwerako kwa a supavaiza litafiira ngati lagwera m'katondo. Ndinali mphunzitsi wa pulayimale kufupi ndi Bembeke, ndipo digiri ndinkaithamangira pa holide, anzanga akupuma. A supavaizawo anali mayi amene yunivesite inawasankha kuti aziyang'anira ntchito yanga. Funso lawo linali limodzi, ndipo analilemba ndi bolopeni yofiira m'mphepete mwa tsamba lililonse: Wanena ndani?

Ndinapsa mtima, sindinama. Koma atandikhazika pansi n'kundifotokozera, nkhaniyo inandilowa m'magazi. Anati mfundo iliyonse imene sinachoke m'mutu mwanga ili ndi mwini wake. Mwiniyo umamutchula pomwepo m'mabulaketi, dzina la bambo ake ndi chaka, kenaka kumapeto kwa pepala umawandandalika onse motsata alifabeti. Ukapanda kutero ndiye kuti waba, ndipo wakuba mawu amamuthamangitsa pa yunivesite monga timachitira ndi wakuba mbuzi. Ine mwana wa mlimi ndinamva msanga kuti iyi ndi nkhani ya malire a munda basi.

Kuyambira tsiku limenelo ndinachita ngati ndapenga. Ndinkasangalala kuona mitu ya mabuku itapendekera bwinobwino pa laputopu, mipata ya pakati pa mizere ili yofanana, mayina atafola ngati ana anga a sukulu pa asembule. Matendawo anafika ndi kunyumba komwe. Mkazi wanga akati mvula chaka chino ibwera msanga, ine ndinkafunsa kuti wanena ndani, chaka chanji, tsamba lanji. Tsiku lina anandiyankha kuti ndikapitiriza, madzulo ndidya mabulaketi omwewo.

Kafukufuku wanga anali wa momwe amayi a kumapiri kwathu kuno amasungira mbewu ya mbatatesi kuchokera pokumba mpaka pobzala. Chaputala chimene ndinkachinyadira kwambiri chinali cha nzeru za apongozi anga aakazi, zimene ndinkazimva kwa mkazi wanga. Pamenepo ndinangolemba kuti amayi ambiri amatero. Bolopeni yofiira sinachedwe: Amayi ake ati? Nditaulula, a supavaiza anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati zakumva kwa wina n'zofooka, oyesa mayeso achitaya chaputalacho. Ndipite ndikamve ndekha, ndijambule mawu, mwini wake avomere kutchulidwa, ndipo ndilembe dzina lonse, mudzi ndi tsiku, poti ndilo linali lamulo la dipatimenti yathu. Kupanda kutero ndichichotse. Koma kuchotsa chaputala chimenecho kunali kusiya pepala lopanda m'mimba, ndiye gauni ndikanaliona pa anzanga, ine n'kudikira chaka china.

Apa m'pamene panagona vuto. Ine ndine mkamwini. Nyumba ya apongozi ili kuseri kwa nkhokwe yathu pomwepa, koma chikwatirireni sitinakhalepo pa mphasa imodzi. Tikakumana m'kanjira ka kudimba, wina amapatukira m'chimanga. Moni timapatsana chapatali, ine nditanjuta, nkhope nditalozetsa kumbali. Ndipo dzina lawo lenileni sindinkalidziwa. Pamudzi ankawaitana ndi mfunda wawo kapena ndi dzina la mwana wawo woyamba, ana anga n'kumangoti agogo.

Ndinayesa njira yachidule, kunyengerera mkazi wanga kuti angondinong'oneza. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Dzina la amayi si ndiwo zoti ndikugawireni kuseri," anatero. "Si inu mumati zakumva kwa wina n'zofooka? Kafunseni mwini wake."

Lamulo langa lomwe linandikola. Ndinamukumbutsa kuti mkamwini asamakule mwendo, iye n'kundibwezera kuti safunsa anadya phula. Mapeto ake anavomera kukandipemphera mpata, ine ndinagwira tambala wanga wofiira kuti atsogole.

Loweruka m'mawa nkhungu inali isanachoke m'mapiri. Ndinavala jekete ya kutchalitchi ngakhale ulendo wake unali wongozungulira nkhokwe. Apongozi tinawapeza akusankha mbatatesi pafupi ndi chisakasa chawo, atandipatsa msana. Ine ndinakhala pa mwala chapatali, mkazi wanga n'kuika foni pa lichero lovundikira pakati pathu. Mafunso ndinkafunsa mkazi wanga, apongozi n'kumayankha mbatatesi zawo.

Poyamba mayankho anali a eya ndi ayi. Koma nditafunsa chifukwa chake mbewu saisunga m'thumba, anamasuka. Anafotokoza za thandala loyalapo mbewu, za kuwala kumene kumafunika kulowe pang'ono kuti mphukira zikhale zazifupi ndi zolimba, za masamba a bulugamu ndi phulusa zothamangitsira tizilombo. Anaonjezanso, akuyang'anabe kutsogolo, kuti pali aphunzitsi ena pamudzi pano amene mizere yawo kumunda imakhota ngati njoka, mwina m'mabuku mokha ndi momwe amawongola. Mkazi wanga anagwa chagada ndi phwete. Ine mtima unali dyokodyoko, chifukwa chilichonse chimene ankanena chinkalowa m'foni, ndipo chaputala changa ndinkachiona chikuimirira ndi miyendo yake.

Kenaka panatsala funso lomaliza. Kunkazizira koma thukuta linali kamukamu. Ndinakhosomola, ndinawomba m'manja, ndinazungulira uku ndi uku, mpaka ndinanena kuti akusukulu akufuna dzina lawo lonse, la ubatizo ndi la bambo awo. Manja a apongozi anaima. Anafunsa mwana wawo ngati alakwira boma. Ndinayankha ndekha kuti ayi, koma kuti m'buku mawu aliwonse amakhala ndi mwini wake, ndipo ndikalemba nzeru zawo popanda dzina lawo ndikhala ngati munthu wokolola m'munda mwa eni ake.

Apongozi anafunsa ngati dzinalo likakhale pamodzi ndi a anthu ophunzira aja. Ndinati eya, m'ndandanda umodzi womwewo, ndipo amene akhale pamwamba kapena pansi pa mnzake ndi alifabeti yokha idzagamule. Pamenepo analitchula, motsitsa mawu, akuyang'ana mbatatesi imene inali m'manja mwawo. Linali dzina lofewa, la kamtsikana. Sindililemba pano.

Madzulo ake ndinalitaipa. Loyamba la bambo awo, kenaka lawo, mudzi, tsiku. Zala zinkafuna kuika "a" kapena "mayi" patsogolo, koma lamulo silinkalola, ngakhale mapulofesa ankalembedwa opanda ulemu uliwonse. Alifabeti inawaika pakati pa pulofesa wina wa kunja ndi lipoti lina lalikulu la zaulimi. Ndinaitana mkazi wanga kuti adzaone amayi ake atakhala pakati pa akuluakulu, ndipo tinavina m'nyumba ngati ana. A supavaiza atawerenga, bolopeni yofiira inangochonga.

Buku litamangidwa ndi chikuto cholimba chakuda, ndinalikulunga m'pulasitiki n'kulimangirira pa keliyala ya njinga. Chitunda chimene masiku onse ndimachikwera chokankha, tsiku limenelo ndinachipalasa mpaka pamwamba, ndikuliza belu kwa aliyense, ndi mbuzi zomwe. Pofika pamudzi mbiri inali itanditsogolera kale. Apongozi anali atauza amayi onse a mphakati wawo wa kutchalitchi kuti iwo ali m'buku, choncho pakhonde pawo panali podzaza.

Ndinapereka bukulo kwa mkazi wanga n'kubwerera pa mwala wanga uja. Apongozi analilandira ndi manja awiri, analisisita, analinunkhiza. Sukulu sanapite nayo patali, ndiye anapempha kuti awasonyeze pamene iwo ali. Mkazi wanga anatsegula kumapeto n'kuika chala pa mzere wake. Atati ayambe kuwerenga, apongozi anamugwira dzanja.

"Wolemba alipo. Awerenge yekha."

Bukulo linadutsa m'manja mwa amayi aja mpaka linandipeza. Kulemba dzina ndi kwina, kulitchula pakamwa mwini wake ali pomwepo, anthu akumva, ndi kwinanso. Ndinayang'ana mkazi wanga kuti andipulumutse, iye n'kuyang'ana kumwamba. Ndinawerenga mothamanga, ndipo patsogolo pa dzinalo ndinaikapo "amayi" kuti ndibisalepo.

"Palembedwa choncho, aphunzitsi?" anafunsa apongozi.

Ndinavomera kuti ayi.

"Ndiye musawonjezere za m'mutu mwanu. Werengani zimene zalembedwa."

Amayi aja anaseka, wina n'kululutira. Ine ndinaimirira, poti zinthu zotere sizinenedwa uli chikhalire. Ndinawerenga monga lamulo linanenera: dzina la bambo awo, kenaka lawo lija la kamtsikana, lokhalokha lopanda chovala, mudzi ndi tsiku.

Apongozi anatembenuka. Zaka zonse za ukamwini wanga ndinali ndisanaionepo nkhope yawo maso ndi maso, ndipo ndinadabwa kuona kuti maso a mwana wanga wamkazi anachokera pamenepo. Anali atalengeza misozi. Anauza amayi anzawo kuti womaliza kuwaitana ndi dzina limenelo anali mayi awo owabereka, iwo asanakwatiwe, ndipo ankaganiza kuti linapita nawo kumanda. Kenaka anasendera pang'ono n'kusiya malo kumapeto kwa mphasa.

"Bwerani mukhale apa, aphunzitsi," anatero. "Muwerengenso, koma pang'onopang'ono."