Dzinja Limene Amalume Anasiya Kuvala Jombo

Jombo za amalume zinali zakuda, yakumanzere yomatidwa ndi chigamba cha chubu cha njinga. Dzinja limenelo zinakhala pakhonde la nyumba yathu ya kumalaini a esiteti ya tiyi osavalidwa, mpaka chule anayamba kugonamo. Eni ake anali m'nyumba pamphasa, akutsokomola.

Tiyi anali ataphuka kwambiri, moti amayi ankalawira ndi dengu kumsana nkhungu isanachoke m'mapiri, n'kubwera madzulo zala zitada, chitenje chikununkha masamba onyowa. Ine yanga inali kuwamwetsa amalume phala ndi kuwaingitsira ntchentche. Akazi awo anali atatsogola kale pamodzi ndi khanda lawo. Matendawo sankatchulidwa dzina. Anthu ankangoti, "Ndi zomwezi."

Ku Sande sukulu ankatiphunzitsa ndi mayi wina wochokera kumpoto, amenenso anali mphunzitsi kupulayimale. Anatilowezetsa mawu a m'Baibulo akuti wolemekeza makolo masiku ake amachuluka, ndi kuti chifundo cha Mulungu chimafika ku mibadwo chikwi. Ndinabwerera kunyumba chothamanga. Amalume ndi amene anabereka agogo kumsana kuchoka kwathu ku Khonjeni mpaka kuchipatala. Ngati panali munthu woyenera kukalamba, anali iwowo. Nditawauza anaseka mpaka chifuwa chinawabanika.

"Ukawauze aphunzitsi akowo kuti ndamva," anatero.

Anamwalira chimanga chisanamasule. Kumanda mvula inkawaza, dothi lofiira likukakamira kumakasu. Mkulu wa mpingo anatsegula Baibulo lomwe lija n'kuwerenga kuti munthu ali ngati udzu, m'mawa wabiriwira, madzulo wafota. Anthu anavomera kuti ame. Ine maso anali kutsetsereko, pa mizere ya tiyi imene amayi ankati inadzalidwa ndi agogo aamuna atangofika kuchoka ku Mozambiki. Tiyiyo anali biriwiri, mwana wa womudzalayo akukwiriridwa asanamere imvi ndi imodzi yomwe.

Ndakula, ndamva alaliki ambiri akugwirizanitsa mawu awiriwa. Amati lonjezolo ndi la mtundu wonse, udzuwo ndi munthu payekha. Mwina n'zoona. Koma amazinena mopepuka kwambiri, ndipo ndimakayika ngati anachapako mphasa ya wodwala.

Lamulungu lotsatira ndinadikira kuti anzanga atuluke.

"Aphunzitsi, Baibulo linanama pati? Pa udzu paja kapena pa mibadwo paja?"

Ndinkayembekeza kumenyedwa khofi. Iwo anangokhala pabenchi, atavala juzi ngakhale malata a tchalitchi ankathetheka ndi dzuwa.

"Amalume akowo asiya ndani?"

"Palibe."

"Palibe? Kodi kuno simuti mbumba ya mwamuna ndi ana a mlongo wake? Nanga iweyo ndiwe chiyani?"

Ndinaona ngati akuzemba funso langa. Kenako anandigwira paphewa n'kundikanikiza zolimba, mafupa a zala zawo akundilowa m'mnofu, ndipo anaimirira pang'onopang'ono n'kutuluka osandiyang'ana.

Kunyumba ndinawauza amayi kuti aphunzitsi anditsina chifukwa chofunsa za m'Baibulo. Amayi anasiya kutsuka mbale n'kuyang'ana kunjira yopita kusukulu. Ndinawakwiyira aphunzitsiwo mpaka mvula inatha, osawapatsa moni, ndi kukhala benchi yakumbuyo. Tinakawaperekeza ali m'bokosi, pa lole yopita kwawo kumpoto, nyengo yodulira tiyi itangoyamba. Tsiku lija m'tchalitchi sindinadziwe kuti sankandilanga ayi. Sakanatha kudzuka pabenchipo popanda chotsamira, ndipo chimene chinali pafupi ndinali ine.