Sola Yoyang'ana Kumsewu

Ine si munthu wolankhulalankhula, koma za a Modesta zandikhala pakhosi. Nyumba zathu n'zoyandikana kuno kumapiri a ku Mvera. Iwo kwawo ndi ku Chisepo, kuno anabwera ndi ukwati. Timawatchula kuti mayi a Tikondwe, ndipo amadziwika ndi nkhuku. Amagula anapiye a tsiku limodzi n'kuwalera mpaka anthu a kanyenya a ku Dzaleka adzawatenge. Zaka zonsezi ankawatenthetsa ndi mbaula, mpaka utsi wa makala unawapatsa chifuwa, kuchipatala n'kuwaletsa. N'chifukwa chake chaka chino anagulitsa mtedza wawo wonse n'kugula sola: mapanelo awiri, batire ndi mababu otenthetsa m'khola.

Tsiku loika solayo ndinalipo, mwana kumbuyo, ndikuswa mtedza wanga pakhonde pawo. Mmisiri wake anali a Benjamini, bambo wamfupi wodziwa ntchito yake. Anazungulira nyumba, kuyang'ana dzuwa, n'kutsamiritsa makwerero kuseri.

"Kumeneko mukukatani, amisiri?" anafunsa a Solomoni, amuna awo a Modesta.

"Kumpoto ndi kuno, abambo. Nyengo yozizira dzuwa limadzera mbali ino."

"Kuseriko aziiona ndani, mbuzi? Ikani kumaso, odutsa mumsewu adziwe kuti kwa Solomoni kwafika magetsi."

"Kumasoko n'kumwera. Mu Juni batire siizidzadza."

"Denga ndi lanu kapena langa? Malata awa ndi fodya wanga!"

A Modesta anati, "Bambo a Tikondwe, solayi ndagulira anapiye."

"Zapadenga si za akazi. Kawakonzere alendo tiyi."

A Benjamini anapukusa mutu n'kunyamula makwerero kupita nawo kumaso. Ine ndinangoweramira m'lichero. Ndimadzida nako kukhala chete kumeneko.

Anapiye zana anafika kumayambiriro kwa Juni. Chisanu cha kuno mukuchidziwa, nkhungu imakuta mapiri mpaka ana atalowa m'kalasi. Dzuwa likatuluka linkangodutsa kuseri, mapanelo ali duu kuyang'ana njinga zamumsewu. Kamoto kochepa kolowa m'batireko, a Solomoni ankaitaniranso anzawo a bawo kudzatchaja mafoni. Mababu ankazima kusanache.

Tsiku lachinayi m'mawa, ndikupita kumjigo, ndinapeza a Modesta akutolera anapiye akufa m'beseni. Anapiyewo anali ataunjikana pangodya kufuna kutentha, apansi n'kubanika. Mayiwo atandiona anandiitana.

"Mayi a Vanessa, tulani ndowayo mundigwirire makwerero."

"Inu mukwere padenga? Anthu ati chiyani?"

"Anthuwo ndi amene afungatire anapiye angawa?"

Analowa m'nyumba n'kutuluka atavala buluku la amuna awo, chitenje pamwamba, sipanala ya njinga m'manja. Anaimbira a Benjamini, foni n'kundipatsa ine kuti ndizibwereza mawu awo. Ine amene ndimachita manyazi ngakhale kuyankha moni kutchalitchi, ndinali kukuwa: "Akuti muyambe mwachotsa mawaya kubatire! Akuti wofiira usakhudzane ndi wakuda!"

A Modesta atakwera padenga, anthu mumsewu anaima. Wina anafuula kuti, "Solomoni wakwatira mmisiri!" A Solomoni anathamanga kuchokera kudimba, matope m'miyendo.

"Tsika! Ukundichititsa manyazi!"

"Suzumirani m'besenimo kaye, mundiuze manyaziwo."

A Solomoni anafuna kugwedeza makwerero. Sindikudziwa kumene ndinatenga mtima, koma ndinati, "Abambo, akagwa mayiwa, ine ndikanena zimene ndaona." Anandiyang'ana ngati ayamba kundiona tsiku limenelo, n'kuchotsa dzanja.

Tinatsitsa mapanelo aja ndi chingwe chomangira mbuzi. Masana a Benjamini anabwera n'kuwakhoma padenga la khola, kuyang'ana kumpoto.

Nkhani sinathere pomwepo. A Solomoni anakadandaula kwa ankhoswe kuti mkazi wawavula pagulu, wavala buluku lawo, waboola malata. Loweruka ankhoswe anakhala pansi, ine anandiitana ngati mboni. Za anapiye anangozidumpha. Anagamula kuti a Modesta apepese amuna awo ndi nkhuku.

A Modesta anaimirira, kukutumula chitenje. "Nkhuku zawo zilipo, makumi anayi ndi ziwiri. Ndinazikwirira kuseri kwa bafa. Khasu ilo, akasankhe yonenepa."

Anachoka osatsanzika. Ndinawatsatira mpaka kukhola. Anapiye otsalawo anali atayamba kumera nthenga m'mapiko, ndipo chisamutsireni mapanelo sanafenso ndi mmodzi yemwe.