Katungwe wa zidzukulu zanga anamupanga ndi chitsulo cha pamanda

Kwa masiku asanu ndi anayi, zidzukulu zanga zakhala zikukhalira dzina la munthu wakufa. Wolipira ndinali ine. Lisiti ndili nalo.

Ndiyambe bwinobwino, wina angadzanene kuti mkuluyu mutu wasokonekera. Ndinagwira ntchito pa positi zaka 31. Pepala sinditaya. Zonse ndikulembazi umboni wake uli m'sutikesi.

Ine ndi mayi akunyumba timalera ana awiri a mwana wathu wamkazi amene amagwira ntchito ku Limbe. Tadala ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, Yankho zinayi. Nyumba yathu ili m'mbali mwa msewu wafumbi wochokera pa Njuli, momwe njinga zamoto za kabaza zimathamanga ngati zilibe mabuleki. Mwezi wathawu ina inangotsala pang'ono kumuwomba Yankho. Ndinati basi, anawa ndiwapezere chosewera kuseri kwa nyumba.

Sindinasankhe mwachisawawa. Chotsetserekapo cha malata ndinachikana, dzuwa la Okutobala lingawawotche ntchafu. Matayala amasunga madzi, madzi amasunga udzudzu. Ndinasankha katungwe. Ndinamujambula ndekha ndi lula: mamita awiri kutalika, mpando wokhala ndi chotsamira kuti wamng'onoyo asagwe chagada, m'mbali monse mosacheka. Pansi pake ndinalemba ndi zilembo zazikulu kuti ZITSULO ZATSOPANO, n'kudula mizere iwiri. Ndinaika kaboni pakati, mapepala akhale awiri.

Lolemba, 8:40 m'mawa, ndinafika pa shopu ina yowotcherera zitsulo pa Njuli. Dzina lake sinditchula lero. Mwini wake anayang'ana pepala langa n'kuseka.

"Madala, mapepala onsewa ngachani? Ife timapanga mageti a mabwana a ku Blantyre. Katungwe n'kanthu?"

Ndinati sainani. Anasaina onse awiri. K95,000, ndinapereka pomwepo. Anati ndibwere Lachisanu.

Lachisanu akuti magetsi anazima. Lachiwiri akuti apita ku maliro. Ulendo wachitatu ndinamupeza katungwe ataima panja, wabuluu, penti wokhuthala ngati phala. Ndinafunsa kuti penti wochuluka chonchi bwanji. Anati, "Kuopa dzimbiri, madala. Ife timaganizira kasitomala."

Kuganizira kasitomala!

Tinamuzika ndi simenti kuseri kwa nyumba. Masiku asanu ndi anayi anawo sanaponde kumsewu. Ndinkakhala pakhonde kumvetsera kuseka kwawo, mtima uli m'malo.

Lamulungu titachokera ku tchalitchi, cha m'ma 2 koloko masana, Tadala anagona chagada pansi pa katungwe, akukankha mng'ono wake ndi mapazi. Mwanayu ali Sitandade 2, amawerenga chilichonse, ngakhale thumba la feteleza. Ndinangomva akuitana.

"Agogo, 'uuse mu mtendere' ndiye kuti chiyani?"

Ndinamufunsa kuti wazimva kuti zimenezo. Analoza kunsi kwa mpando.

Ndinavala magalasi, ndinagwada ndi mawondo anga okalambawa, n'kusuzumira. Zilembo zotukuka, zolembedwa ndi moto wowotcherera, penti analephera kuzibisa. Dzina la mayi wina. ANABADWA, chaka chake. ANAMWALIRA, chaka chake. MZIMU WANU UUSE MU MTENDERE. M'makona mabowo anayi, momwe chitsulocho chinamangiridwa pa mtanda wa pamanda. Anangochipinda, n'kuchitembenuza kuti zilembo ziyang'ane pansi.

Kuno kwathu mwana sitimulola ngakhale kuloza kumanda ndi chala. Ine ndinapita kukagula manda n'kuwabweretsera pakhomo.

Mayi akunyumba anawanyamula anawo n'kukawasambitsa, kawiri. Yankho ankalira kuti akufuna katungwe wake. Mwana wa zaka zinayi mumuuza chiyani?

Lolemba, 7:15, ndinamasula mpando uja ndi sipanala, ndinaukulunga m'chitenje, ndinakwera kabaza. Pa shopu ndinapeza bambo wina akudikira mafelemu a mawindo. Ndinavundukula chitenje pamaso pa onse, ndinati awerenge.

Mwini shopu sanadzidzimuke n'komwe.

"Aaa, madala, zomwezi? Chitsulo ndi chitsulo. Mwini wakeyo wadandaula?"

Ndinamufunsa komwe anachitenga. Anati amagula kwa anthu oyenda ndi zitsulo zakutha. Mawu ake enieni, ndinawalemba m'kabuku nthawi yomweyo: "Ife sitiwerenga, timayeza pa sikelo."

Simuwerenga? Nanga munadziwa bwanji mbali yoti iyang'ane pansi? Sikelo ndi imene inakuuzani?

Ndinatulutsa pepala lija. Ndinaloza pamene panalembedwa ZITSULO ZATSOPANO, ndinaloza siginecha yake. Anakanda m'mutu.

"Komatu penti ndi watsopano, madala."

Bambo wa mawindo uja anangodzuka, n'kuyamba kutembenuza mafelemu ake limodzilimodzi, akuyang'ana kunsi. Apa m'pamene mwini shopu anasiya kuseka. Mawu anatsika, ndipo ine ndinasiya kukhala madala, ndinasanduka bambo.

"Bambo, tisachulutse nkhani. Bweretsani ndipale ndi galainda. Mphindi zisanu, zilembo zonse zichoka, ana azisewera."

Anatambasula dzanja. Ine ndinachikumbatira chitsulocho pachifuwa.

"Chabwino, ndikupangirani mpando wina waulere. Ichi mungosiya pano."

Ndisiye? Kuti dzina la mayi wa eni ake lisanduke fumbi pansi pa shopu yanu? Kwinakwake kuno ku Chiradzulu kuli banja limene linasonkha, linalembetsa chitsulochi, linachiimika pa manda a mayi awo likulira. Mwina lapita kukalambula n'kupeza mtanda uli mbee. Mwina silikudziwanso kuti mwa milu yonse ija wawo ndi uti. Inu mukuti mphindi zisanu?

Ndinachikulunganso, ndinatuluka. Anandikuwira kumbuyo kuti ndine mkulu wovuta. Inde, ndine wovuta. Lembani penapake, musaine.

Ndinakanena kupolisi tsiku lomwelo, ndipo pepala lake lalowa m'sutikesi. Katungwe yense ndazula, chifukwa ngati mpando unachokera kumanda, mapaipiwo ndiwakhulupirire bwanji? Ndani angalumbire kuti sunali mpanda wa manda a wina? Ali pansi kuseri kwa khola, ndawaphimba ndi masaka.

Anawo sanabwerere kumsewu. Ndinagula chingwe chatsopano, ndinapala thabwa la bulugama ndi manja angawa, ndinamangirira pa nthambi ya mango. Tadala analitembenuza thabwalo mbali zonse ziwiri asanakhalepo. Anati, "Agogo, ili silinalembedwe." Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri waphunzira zimene inu a shopu mukuti simuchita.

Tsono inu makolo amene mukufuna kupangitsa katungwe, kapena chilichonse choti mwana akhalepo: pitani mukachione asanapake penti. Chitembenuzeni. Gwadani, musuzumire kunsi. Akakuuzani kuti penti wokhuthala ndi wa dzimbiri, funsani kuti dzimbiri lake lili ndi dzina kapena ayi.

Inu a shopu, ndalama zanga sindikuzifuna, mpando wanu waulere sindikuufuna. Ndikufuna mundiuze amene anakugulitsani chitsulochi. Ndikufunanso mundiuze kuti zina zangati munapala kale ndi galainda wanuyo, ndipo zili pa mageti a yani.

Ndipo inu amene chikwangwani cha pa manda a mayi anu chinasowa: dzina sindilemba pano, si langa loti ndizimwaza. Funsani pa Njuli za mkulu wa positi wopuma ntchito, a kabaza akufikitsani pakhomo. Mukatchula dzina ndi zaka ziwirizo molondola, ndikupatsani. Penti wabuluu ndikuchotsa ndekha pang'onopang'ono ndi palafini, kuti chibwerere kwawo chili choyera.

Mudzasaina, inde. Koma galainda sadzachikhudza ine ndili moyo.